Musagulitse dimba chifukwa cha dzina la sukulu

Mwezi wathawu tinasonkhana kwa amalume, pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhani inali imodzi: dimba la kudambo ligulitsidwe kapena ayi. Msuweni wanga wakhoza bwino MSCE, ndi mapointi oti mudzi wonse unaululutira, ndipo mtima wake uli pa biomedical engineering, maphunziro opanga ndi kukonza zipangizo za m'chipatala. Bambo wina wa taye, wa ofesi ina m'tauni, anawapatsa amalume kabuku konyezimira n'kuwauza kuti malo apezeka kale pa koleji ina ya kunja, chatsala ndi ndalama yoyambira, m'madola, sabata ziwiri zisanathe. Wogula dimba anali atapezeka kale. Nditafunsa ngati mwanayo analembera ku MUST kapena ku MUBAS, anthu anandiyang'ana ngati ndaseka pamaliro. Amalume anagwedeza mutu nati, "Iwe mphwanga, mwana wanzeru chonchi akathere ku Thyolo?"

Funso limeneli landisowetsa tulo, chifukwa si amalume okha amene amaganiza chotere. M'maanja ambiri muno mwakhazikika chikhulupiriro chakuti sukulu yodula ndiyo sukulu yabwino, kuti digiri yochokera kutsidya kwa nyanja imalemera kuposa ya kuno ngakhale usanafunse zomwe mwiniwake anaphunzira. Ine ndikuti chikhulupiriro chimenechi n'chabodza, ndipo pa maphunziro a biomedical engineering bodza lake n'loonekeratu. Banja losauka kapena lopeza pang'ono limene likugulitsa munda, ng'ombe kapena nyumba kuti ligule digiri yoyamba kunja, pamene maphunziro omwewo akuperekedwa ku Thyolo ndi ku Blantyre, likutchova juga ndi chakudya cha ana ena onse.

Ndivomereze msanga kuti sindine injiniya. Ndimaphunzira mbiri ndi filosofe, ndipo waya wofiira ndi wakuda ndimangowasiyanitsa ndi maso. Koma kuwerengera ndalama sikufuna digiri ya uinjiniya, choncho tiyeni tiwerengere.

Mayunivesite otchuka a ku America amene anthu amawatchula akamakamba za maphunzirowa, monga Johns Hopkins ndi Rice, amalipiritsa madola oposa 60,000 pachaka, fizi yokha, osawerengera pogona ndi chakudya. Pa mtengo wa kubanki wa K1,750 pa dola imodzi, imeneyo ndi K105 miliyoni chaka chilichonse. Fizi ya ku MUST ndi ku MUBAS, ngakhale itakwezedwa mu 2023 ophunzira n'kudandaula kwambiri, sinafike K1 miliyoni pachaka. Kutanthauza kuti chaka chimodzi cha mwana mmodzi ku Baltimore chikadalipirira ana oposa 100 chaka chathunthu kuno kwathu.

Mukhoza kunena kuti palibe mlimi amene akulota za Baltimore, ndipo n'zoona. Makoleji amene maajenti amagulitsa m'matauni mwathu ndi otchipirapo, a madola masauzande ochepa pachaka, ndipo n'chifukwa chake amakopa. Tiyerekeze fizi ya madola 4,000. Kumayambiriro kwa November 2023 dola inkagulitsidwa pa K1,180 kubanki, ndiye fizi imeneyi inali K4.7 miliyoni. Reserve Bank itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mwezi womwewo, dola inafika pa K1,700, ndipo fizi yomweyo inasanduka K6.8 miliyoni usiku umodzi. Koleji sinakweze kalikonse, mwana sanalakwe kalikonse, koma kholo linadzuka ndi ngongole yatsopano ya K2 miliyoni. Chaka cham'mbuyo mwake, mu May 2022, kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Amene amakolola m'makwacha n'kumalipira m'madola kwa zaka zinayi kapena zisanu amakhala ngati wotunga madzi ndi dengu. Onjezanipo kuti madolawo m'mabanki amasowa, ndipo ukatopa kudikira umakagula pamsika wamdima pa mtengo wokwera kwambiri. Onjezaninso tikiti ya ndege, viza, inshuwalansi ya zaumoyo, lendi, zovala za nyengo yozizira. Kabuku konyezimira kaja sikatchula zimenezi patsamba loyamba.

Dimba limagulitsidwa kamodzi. Fizi imabwera chaka ndi chaka. Ndalama ya dimba la amalume ikhoza kukwanira chaka choyamba, mwina ndi theka la chachiwiri. Nanga chachitatu tidzagulitsa chiyani? Mwana amene walekeza sukulu chaka chachitatu kudziko la eni alibe digiri, alibe tikiti yobwerera, viza yake ikutha, ndipo kumudzi kulibenso dimba loti abwerere n'kudzalima. Kusankha sukulu imene banja lingailipire mpaka tsiku lovala gauni ndiye nzeru yoyamba, nzeru zina zonse zimabwera pambuyo.

Tsopano tiyeni tione ntchito yeniyeniyo, chifukwa apa m'pamene nkhani ya dzina la sukulu imagwera pansi. Aliyense amene anadikirirapo wodwala pa chipatala cha boma anaonapo chipinda kapena khonde lodzaza ndi makina ofa: ofungatira makanda obadwa masiku asanakwane, opopa mpweya, oyezera magazi, onse atakutidwa ndi fumbi. Mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anasindikiza kafukufuku wa zipangizo za m'chipatala zoposa 100,000 m'mayiko 16 osauka, ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 peresenti sizinkagwira ntchito. Zifukwa zikuluzikulu zinali kusowa kwa anthu ophunzitsidwa, kusowa kwa dongosolo losamalira zipangizo, ndi mavuto a magetsi ndi nyumba zomwe makinawo aikidwamo. Kafukufuku wina wa gulu la Malkin yemweyo anaonetsa kuti zoposa theka la zipangizo zowonongeka zikhoza kudzutsidwa popanda kuitanitsa sipeya kunja, bola pakhale munthu wodziwa chochita.

Taganizirani makina otchedwa oxygen concentrator, amene apulumutsa ana ambiri odwala chibayo m'zipatala zathu. Amakoka mpweya wa m'chipinda n'kuupanikiza kudutsa m'timiyala totchedwa zeolite, tomwe timagwira naitirojeni n'kulola okosijeni kupita kwa wodwala. Fumbi la m'chilimwe likatseka sefa, makinawo amatentha. Chinyezi cha m'dzinja chikalowa m'timiyalato, mphamvu yake imatha, ndipo makinawo amapitiriza kulira ngati ali bwino pamene mpweya wotuluka uli wochepa okosijeni. Magetsi akamazimazima, kompuresa imapsa. Taganiziraninso chipangizo chimene wachifundo wina watumiza kuchokera ku America, kumene magetsi ndi a mavoti 120, kubwera kuno kumene ndi a 230. Wina akangochilumikiza kukhoma popanda thiransifoma, chimanunkha utsi tsiku lomwelo. Mavuto amenewa sakhala m'labotale ya ku Ulaya yokhala ndi mpweya wozizira ndi magetsi osazima. Amakhala ku Nsanje, ku Ntchisi, ku Chitipa. Nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yoyang'anira zipangizo, ya Physical Assets Management, imakumana nawo tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene amapita kukaphunzira ntchito m'zipatala zimenezi akadali pasukulu amatuluka akudziwa mdani wake ndi nkhope.

Ngati simukundikhulupirira ine, khulupirirani a ku America eniakewo. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa osakhwima kupuma, anayambira pa Rice University ku Houston, pansi pa Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, mogwirizana ndi madokotala a ana a pa Queen Elizabeth Central Hospital, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza. Makina a mtundu umenewu a m'zipatala za mayiko olemera ankagulidwa pa madola pafupifupi 6,000. Ophunzira anapanga awo ndi timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba, ndi botolo la madzi loyezera mphamvu ya mpweya. Atawayesa ku Chatinkha, zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti makanda 71 pa 100 alionse amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 amene analandira okosijeni mwa njira yakale. Dzina lenilenilo ndi la Chichewa. Ndipo mgwirizano womwewo ndi umene unathandiza kutsegula malo opangira zipangizo pa Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, kuti ophunzira athu azipanga ndi manja awo.

Imani kaye pamenepa. Ophunzira a yunivesite ya madola 60,000 pachaka ankakwera ndege kubwera ku Blantyre kuti adzaone vuto lenileni ndi maso. Ife tikufuna kugulitsa dimba kuti mwana athawe Blantyre yemweyo. Kuchoka pa MUBAS kupita ku Queens ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa. Chimene anzathu amachiwolokera nyanja ife tili nacho kuseri kwa nyumba, koma tikuchinyoza chifukwa chilibe kabuku konyezimira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndikudziwa zomwe mundiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zomveka.

Mudzati malabotale a kunja ali ndi zida zambiri kuposa athu. Pa mayunivesite akuluakulu, inde, ndipo sindingatsutse. MUST inatsegula zitseko mu 2014, MUBAS inaima payokha mu 2021 itachoka pansi pa University of Malawi, ndipo sukulu zazing'ono msinkhu chonchi m'dziko losauka sizingafanane ndi za zaka mazana. Koma funsani injiniya aliyense zomwe amaphunzira zaka zoyambirira: masamu, fizikisi, zamagetsi, kujambula mapulani a makina, kulemba mapulogalamu a kompyuta, kapangidwe ka thupi la munthu. Lamulo la Ohm silisintha ukawoloka Zambezi. Zida zodula kwambiri zimafunika pa kafukufuku wa masitazi ndi udokotala wa maphunziro, ndipo pa msinkhu umenewo m'pamene pali ndalama za eni: Chevening, Commonwealth, Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, Mastercard Foundation. Amene watuluka ndi digiri yabwino kuno, wagwirako ntchito m'chipatala zaka ziwiri, ndipo ali ndi nkhani yogwirika ya makina amene anawadzutsa, ali ndi mwayi weniweni wopita kunja pa thumba la wina. Kunja kulipo, sikuthawa. Chofunika n'kupitako nthawi yake, osasiya banja lili pa njala.

Komanso tisanamizane: koleji imene ajenti akuigulitsa pa madola ochepa si Johns Hopkins. Kawirikawiri ndi sukulu imene ngakhale eni dzikolo saiwerengera, imene imadalira ndalama za ana a ku Africa kuti iyende, ndipo ajentiyo amalandira yake pa mutu uliwonse umene watumiza. Munthu amene amadya ukasaina sangakhale mlangizi wako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mudzati malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo ana ambiri okhoza bwino amasiyidwa. Izi n'zoona, ndipo n'zowawa. Koma khomo la ntchito imeneyi si limodzi. Digiri kapena dipuloma ya zamagetsi, ya electronics kapena ya mechanical engineering imafikitsa munthu pa makina omwewo a m'chipatala. Ku University of Cape Town, biomedical engineering imaphunzitsidwa makamaka kwa amene ali kale ndi digiri yoyamba ya uinjiniya kapena sayansi. Allan Cormack, amene masamu ake anathandiza kubala makina a CT scan mpaka kulandira mphotho ya Nobel mu 1979, anali katswiri wa fizikisi amene anakumana ndi vutolo akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town komweko. Mwana amene sanasankhidwe ku biomedical engineering koma wapeza malo pa zamagetsi sanataye loto lake. Mwinanso wapeza njira yotakata, chifukwa ntchito za m'zipatala zikachedwa akhoza kugwira kwina.

Apa ndichenjezenso mbali inayo, kuti wina asandimve molakwa. Sindikunena kuti chilichonse chotchipa n'chabwino. Muno momwemo muli timakoleji ta pamwamba pa sitolo tomwe tingakulonjezeni uinjiniya popanda ngakhale chitsulo chowotcherera waya. Sukulu yotchipa imene pepala lake palibe amene akulivomereza ndiyo yodula kuposa zonse, chifukwa yadya ndalama ndi zaka. Musanalipire tambala, kaya ndi kuno kaya ndi kunja, funsani. Kodi maphunziro enieniwo, osati sukulu yokha, ndi ovomerezeka ndi National Council for Higher Education? Ngati ndi a kunja, kodi a NCHE adzalivomereza pepalalo mwana akabwerera, ndipo a Malawi Engineering Institution adzamulembetsa ngati injiniya? Kodi ophunzira amakaphunzira ntchito pa chipatala chiti, kwa miyezi ingati? Kodi mungatipatse nambala ya wophunzira wa chaka chomaliza kuti tilankhule naye tokha? Kodi zonse pamodzi, mpaka kumaliza, zidzakwana ndalama zingati? Amene akukuthamangitsani kuti mulipire sabata ziwiri zisanathe akuopa mafunso amenewa. Safunsa anadya phula.

Mudzati ntchito za mainjiniya a zipangizo za m'chipatala n'zochepa kuno, boma limachedwa kulemba anthu, malipiro ndi osakwanira. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira. Ngati ntchito ikhoza kuchedwa chaka kapena ziwiri, ndi bwino kuidikira uli ndi ngongole yaing'ono ya m'makwacha ya Higher Education Students' Loans and Grants Board kusiyana ndi kuidikira banja litataya munda. Digiri yodula sifulumizitsa kalata ya ntchito. Imangokulitsa dzenje lomwe ukudikiriramo.

Mudzati nanga mwana akapeza sikolashipu yathunthu? Apite, ndipo ndidzamunyamulira chikwama mpaka ku Chileka. Mkangano wanga suli ndi ndege. Uli ndi ngongole. Koma werengani kalatayo bwinobwino, chifukwa kuchotseredwa theka la fizi ya madola si sikolashipu, ndi malonda. Theka lotsalalo likadali phiri.

Ndipo ena adzati ndi nsanje chabe, mwana wa filosofe akuipidwa kuti msuweni wake akwera ndege. Nenani. Koma maphunziro anga omwewa andiphunzitsa kufunsa kuti pa chisankho chilichonse wopindula ndani, wolipira ndani. Pansi pa mtengo wa mango paja panali anthu awiri amene sanafunsidwe maganizo: alongo ake aang'ono a msuweni wanga, wina ali Fomu 2, wina Sitandade 7. Fizi yawo, mayunifolomu awo, ndiwo za pakhomo, zonse zimachokera ku tomato ndi chimanga chachiwisi cha m'dimba lomwelo. Tikamati banja ladzipereka chifukwa cha mwana, nthawi zambiri timatanthauza kuti atsikana aperekedwa nsembe chifukwa cha mnyamata. Ndipo tinene zoona, gawo lina la zomwe tikugula si maphunziro ayi. Tikugula mawu oti "wanga ali kunja", oti tiziwanena potuluka m'tchalitchi ndi pa maliro. Mawu amenewa ndi okoma m'kamwa, koma mtengo wake ndi sukulu ya ana awiri.

Boma nalo lisaganize kuti ndaliiwala. Makolo amathamangira kwa maajenti chifukwa chikhulupiriro chawo pa sukulu zathu chinaphwanyidwa pang'onopang'ono. Ngongole ya ophunzira siifikira onse oifuna, ndipo ndalama ya chakudya imatha mwezi usanathe. Malo ogona pasukulu ndi osakwanira, moti ophunzira amakapanikizana m'tizipinda todula kunja kwa mpanda. Fizi yotsika ilibe tanthauzo kwa mwana amene akulemba mayeso a masamu ndi m'mimba mopanda kanthu. Mu January 2021, Covid-19 itavuta, tinaona anthu wamba motsogozedwa ndi Onjezani Kenani akusonkha ndalama pa intaneti kuti agule zipangizo za okosijeni za zipatala zathu. Dziko limene linadutsa m'masiku amenewo siliyenera kuuzidwa kawiri kufunika kwa anthu odziwa makina a m'chipatala. Liwonjezere malo ophunzirira, ligule zida za m'malabotale, lilembe ntchito amene amaliza, ndipo lisalandirenso makina a mphatso popanda ndalama yowasamalira ndi munthu wowadziwa. Kuphunzitsa mainjiniya n'kuwasiya akugulitsa mayunitsi pamene makina ofungatira makanda akuchita dzimbiri pakhonde ndi tchimo.

Koma zolephera za boma si chifukwa chogulitsira dimba. Ndi chifukwa cholisungira, popeza m'dziko limene thandizo la boma silodalirika, nthaka ndiyo inshuwalansi yokhayo ya wosauka.

Kwa inu anzanga amene mwangolandira zotsatira ndipo mtima uli pa makina a m'chipatala, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanatsegule kabuku ka ajenti, pitani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, mupemphe kuonana ndi amene amakonza zipangizo. Mufunseni anaphunzira kuti, chimene chimawononga makina ake kawirikawiri n'chiyani, ndipo akadakhala inu akadasankha bwanji. Ola limodzi ndi munthu ameneyo lidzakuuzani zambiri kuposa masamba onse onyezimira, ndipo sadzakulipiritsani m'madola.

Msuweni wanga ndinamulembera mafunso aja papepala, ndipo anapita nawo kwa bambo wa taye uja. Pa funso la chipatala chophunzirirako ntchito anauzidwa kuti zimenezo akazionera komweko. Pa funso la nambala ya wophunzira wa chaka chomaliza anauzidwa kuti abwerenso mawa, ndipo mawa lakelo silinafike. Sabata ziwiri zija zinatha, koma malo amene ankati atsala pang'ono kutha akadalipo, ndipo foni ya amalume ikuitanabe. Amalume sakundilankhula bwino masiku ano, akuti ndalowetsa mphepo m'nyumba. Wogula dimba wati abweranso kumapeto kwa mwezi. Pakadali pano tomato wayamba kupsa, ndipo wa Fomu 2 uja ndi amene akuthirira m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.